KODI LAMULO LIRI KU MBALI YA KAWALALA?



Palibe mmodzi wa ife amene sanamvepo mfuu uja wa pakati pa usiku: "Kawalala! Kawalala!" Zitseko zitseguka. Wina aturuka ndi mpini wa khasu, wina ndi njerwa, wina ndi cikwanje. Munthu athamanga m'tinjira ta pakati pa nyumba, agwera m'ngalande, ndipo anthu amzinga. Nthawi zonse pamakhala wina, kawiri-kawiri mai wacikulire, amene anena kuti, "Mlekeni, mpititseni ku polisi." Yankho lace tilidziwa tonse: "Ku polisi? Mawa lomwe lino mudzamuona pa msika alikuseka. Boma liri ku mbali ya akawalala."

Mau amenewa aphetsa anthu ambiri m'dziko lino, ndipo ambiri mwa ophedwawo sanabe kanthu. Ndico cifukwa cace tifuna kukamba nanu za nkhani imeneyi lero.

Sitikana kuti mkwiyo wa anthu uli ndi cifukwa. Munthu agwira nchito caka cathunthu, asunga ndarama pang'ono-pang'ono, agula njinga, wailesi kapena malata a nyumba, ndipo usiku umodzi zonse zipita. Mai wogulitsa pa msika alandidwa cikwama cokhala ndi mpamba wace wonse. Wotere akakwiya sitingamdabwe. Koma mkwiyo ukakwera pa bodza, upita kumene mwini wace sanafune. Pali zinthu zisanu zimene zinenedwa m'mabasi, m'mabawa ndi pa mpope wa madzi zokhudza malamulo a Boma, ndipo zonse zisanu nzolakwika. Tiyeni tizione cimodzi-cimodzi.

COYAMBA: "APOLISI AMMASULA"

Munthu amene munampereka ku polisi dzana mwamuona lero alikuyenda pa msewu. Mwaganiza kuti mlandu watha. Iai, sunathe.

Apolisi saweruza mirandu. Nchito yao ndi kugwira munthu, kufufuza, ndi kumpereka ku khoti. Woweruza ndi majisitireti kapena jaji. Malamulo akuru a dziko lino, pa ndime 18, anena kuti munthu aliyense woimbidwa mlandu ayesedwa wosalakwa kufikira khoti litapeza kuti analakwadi, kapena iye mwini atabvomera. Ndipo lamulo la kayendetsedwe ka mirandu, la Criminal Procedure Code, pa ndime 33, linena kuti ngati apolisi sangathe kufikitsa munthu ku khoti pasanathe maola 24, ndipo mlandu wace suli waukuru, mkuru wa pa polisipo angamturutse pa bondi.

Bondi nciani? Ndi lonjezo lolembedwa pa pepala lakuti munthuyo adzaonekera ku khoti pa tsiku limene amuuza. Kawiri-kawiri pafunikanso munthu mmodzi kapena awiri omuimira, amene malo ao okhala adziwika. Akathawa, khoti liturutsa kalata yomgwirira, ndipo omuimira aja ndiwo aona mabvuto. Khoti nalonso lingapatse munthu belo, imene igwira nchito cimodzi-modzi. Koma pali mirandu imene lamulo silola bondi kapena belo, monga kupha munthu, kuukira Boma, ndi umbanda wa cifwamba wolanda anthu katundu ndi zida.

Tsono funsani: lamulo limeneli liteteza yani? Ganizani za mtsikana wogwira nchito ya m'nyumba ku mayadi, amene adona ace ataya foni nanena kuti iye ndiye waba. Ganizani za mmisiri womanga nyumba, amene kapitao wamnamizira kuti wagulitsa matumba a simenti. Ganizani za inu amene mwakangana ndi mwini nyumba cifukwa ca lendi, iye nathamangira ku polisi ndi nkhani yopeka. Cikadapanda bondi, anthu onsewa akadakhala m'citokosi masabata ambiri, nchito nkutha, ana nkugona ndi njala, pa mlandu umene sanaucite. Wolemera ali ndi loya wace. Wosauka ali ndi bondi. Amene afuula kuti bondi ithe sadziwa kuti alikudula nthambi imene wakhalapo yekha.

CACIWIRI: "BONDI IGULIDWA"

Ambiri akhulupirira kuti munthu aliyense woturuka m'citokosi walipira. Coonadi ndi ici: bondi ya polisi ndi yaulere. Akuru a polisi anena zimenezi poyera kambirimbiri. Ndarama zimene zilembedwa pa pepala la bondi sizilipiridwa tsiku limenelo. Ndi ngongole imene idzakugwerani ngati munthu wanuyo sanaonekere ku khoti. Belo ya ku khoti ndiyo nthawi zina iyenda ndi ndarama, koma zimenezo alamula ndi majisitireti kapena jaji, zilipiridwa ku khoti komweko, ndipo mulandira risiti.

Kodi tinena kuti palibe mpolisi amene apempha ndarama? Iai, sitiri ana. Alipo, ndipo ambiri a ife tinakumana nao. Koma mpolisi wopempha ndarama ya bondi satsata lamulo la Boma. Alikuswa lamulo. Cimene apemphaco ndi ciphuphu, ndipo ciphuphu ndi mlandu kwa wolandira ndi kwa wopereka yemwe.

Onani m'mene kusadziwa kumeneku kutipwetekera kawiri. Mbale wathu akagwidwa, tithamanga kukakongola kaloba kuti tilipire cinthu caulere, ndipo potero tiphunzitsa mpolisi wosakhulupirika uja kuti m'komboni muli munda wace. Ndipo kawalala akaturuka pa bondi mwa lamulo, tinena kuti wagula apolisi, mtima nuuma, tsiku lina nkupha munthu. Bodza limodzi, mabala awiri.

CACITATU: "KU KHOTI KULIBE CIMENE CICITIKA"

Nzoona kuti mirandu yambiri ifera m'njira. Koma tiyeni tione cimene ciipha.

Majisitireti sanalipo usiku uja. Sanaone munthu akudumpha mpanda. Iye aweruza ndi zimene mboni zanena pamaso pace zitalumbira. Mpolisi wofufuza mlandu nayenso sanalipo. Amene analipo ndife. Tsono taonani cimene cicitika. Usiku wa kugwidwa kwa kawalala pali anthu 50 ofuna kumenya. M'mawa mwace, pofunika anthu okalembetsa mau ku polisi, papezeka mmodzi, mwini katundu. Tsiku la mlandu likafika, mwini katunduyo wabwezeredwa kale wailesi yace, kapena abale a woimbidwa mlandu abwera usiku kudzapepesa ndi kanthu m'manja, ndipo iye sapitanso ku khoti. Mlandu uimitsidwa kamodzi, kawiri, katatu. Pomariza khoti liribenso cocita koma kummasula munthuyo, pakuti silingamange munthu popanda umboni. Kawalala abwerera m'komboni, ndipo ife amene tinakana kukacitira umboni ndife tiyamba kunena kuti khoti lagulidwa.

Tidziwa cifukwa cace anthu aopa. Munthu wa maganyu akapita ku khoti ataya malipiro a tsikulo. Ataya ndarama ya basi. Akhala pa benchi kuyambira m'mawa, namva kuti mlandu wasunthidwa kufikira mwezi wamawa. Enanso aopa kuti anzace a kawalala adzawalonda. Mabvuto amenewa ndi enieni, ndipo tidzanenapo pansipa. Koma tisanamizane: mwala suthetsa bvuto limeneli. Akuru anati mlandu suola, koma mlandu wopanda mboni ufa uli ciriri.

CACINAI: "ANACOTSA CINGWE, TSONO AKUPHA ANTHU SAOPA KANTHU"

Pa 23 December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo locotsa cilango ca imfa m'malamulo oweruzira mirandu ya upandu. Kuyambira pamenepo tamva anthu akunena kuti wakupha munthu tsopano angoyenda mfulu, ndi kuti popeza Boma laleka kunyonga, anthu adzinyongere okha.

Poyamba, wakupha munthu sayenda mfulu. Cilango cace ndi ndende ya moyo wonse, pokha-pokha khoti litapeza zifukwa zocepetsera cilangoco. Wolanda katundu mwa cifwamba salandira zocepera pa zaka 15. Mu February 2023 akaidi 390 amene anali kuyembekeza cingwe anasinthiridwa cilango, koma sanatumizidwe kwao. Anapatsidwa ndende ya moyo wonse.

Caciwiri, ambiri sadziwa kuti cingwe cinaleka kugwira nchito kale-kale. Anthu omariza kunyongedwa m'dziko lino ananyongedwa mu January 1997, ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe, pa nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba. Pulezidenti Levy Mwanawasa ananena poyera kuti sadzasaina kalata yonyongera munthu, ndipo amene anabwera pambuyo pace sanasainenso. Mu 2015 Pulezidenti Edgar Lungu anasintha cilango ca akaidi 332 kukhala ndende ya moyo wonse. Ndiko kunena kuti kwa zaka 25 lamulo lisanasinthe, palibe munthu ananyongedwa. Cimene cinacitika mu 2022 ndi kulemba pa pepala cinthu cimene atsogoleri a zipani zosiyana anali kucita kale.

Munthu angakonde cilango ca imfa kapena angacide. Umenewo ndi mtsutso wabwino, ndipo malo ace ndi ku Nyumba ya Malamulo ndi pa tsiku la masankho. Koma ngakhale pa masiku amene cingwe cinali kugwira nchito, munthu sanali kunyongedwa cifukwa coba nkhuku kapena foni. Anali kuyamba waimirira pamaso pa jaji, mboni nkufunsidwa, iye nkupatsidwa mpata wodziyankhira ndi wocita apilo. Gulu la pa msewu lipereka cilango ca imfa m'mphindi khumi, pa mlandu umene ku khoti ukadatha ndi miyezi yowerengeka, kwa munthu amene dzina lace silidziwika nkomwe.

CACISANU: "GULU LIRIBE MLANDU"

Ili ndilo bodza loopsa koposa onse. Anthu aganiza kuti pomenya tiri ambiri, mlandu ugawika kufikira utatha.

Lamulo lilola munthu wamba kugwira mbala. Criminal Procedure Code, pa ndime 31, ipatsa mphamvu munthu aliyense kugwira wina amene wacita mlandu waukuru pamaso pace, kapena amene pali cifukwa comveka comganizira kuti wacita mlandu wotere. Koma ndime 32 ipitiriza kuti wogwidwayo aperekedwe kwa apolisi mosacedwa. Mphamvu yanu ithera pomwepo. Lamulo lilolanso munthu kudziteteza ndi kuteteza banja lace ndi katundu wace ndi mphamvu yoyenera. Koma munthu wogona pansi, womangidwa manja, salinso ciopsezo kwa wina aliyense. Kummenya wotereyo si kudziteteza iai.

Ndipo lamulo la zilango, la Penal Code, pa ndime 21 ndi 22, linena kuti wothandiza, wolimbikitsa, ndi onse ogwirizana pa colinga cimodzi coipa ayesedwa kuti acita mlanduwo iwo eni. Wobweretsa tayala, wogula petulo, wofuula kuti "mtentheni," onsewo angaimbidwe mlandu wakupha munthu pamodzi ndi uja anayatsa macesi. Ndipo mlandu wakupha, monga tanena kale, ulibe belo. Masiku ano pa gulu liri lonse pali anyamata okweza mafoni kujambula, ndipo madzulo omwewo nkhope yanu iri pa WhatsApp ndi pa Facebook. Bambo amene anaturuka m'nyumba kukateteza njinga ya mnansi wace angathe kumarizira moyo wace ku Mukobeko, ana ace nkuleredwa ndi ena.

ZIMENE MPHEKESERA ZATICITIRA KALE

Wina adzati, "Koma ife timenya akawalala okha-okha." Mbiri ya dziko lino ikana.

Agogo athu akumbukira nkhani ya banyama. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 kufikira za m'ma 1950, mphekesera zinayenda m'midzi ndi m'matauni a Northern Rhodesia zakuti pali anthu olembedwa nchito ndi Azungu kugwira anzao usiku ndi kuwakhetsa magazi. Anchito a Boma oyenda m'thengo, ngakhale ansembe, ananenedwa kuti ndiwo. Pa nthawi yolimbana ndi Federation, m'zaka za 1952 ndi 1953, kunamvekanso kuti m'shuga athiramo mankhwala oletsa kubala. Anthu anali ndi zifukwa zabwino zosakhulupirira Boma la nthawi imeneyo. Koma banyama sanapezeke, ndipo amene anabvutika ndi mphekeserazo anali anthu akuda anzathu.

Mu March ndi April 2016 mitembo ya anthu inapezeka yodulidwa ziwalo m'makomboni a kufupi ndi Matero mu Lusaka. Anthu anacita mantha, ndipo anayenera. Kenaka kunabuka mau akuti ocita zimenezi ndi anthu a ku Rwanda okhala ndi tumashopu m'makomboni. Mashopu oposa 60 anathyoledwa, anthu oposa 250 anagwidwa, ndipo mabanja a alendo anathawira ku chalichi ca St Ignatius. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo onse awiri anali a Zambia. Mu May apolisi anagwira anthu anai pa mlandu wa mitembo ija. Pakati pao panali asilikali awiri ndi sing'anga. Panalibe wa ku Rwanda ngakhale mmodzi.

Kumapeto kwa 2019 ku Chingola kunayamba mbiri yakuti anthu oipa alikupopera mankhwala m'nyumba usiku kuti eni ace akomoke. Pofika February 2020 mbiriyo inafalikira dziko lonse. Amuna analeka kugona, nalonda m'misewu ndi zibonga. Magalimoto anaimitsidwa ndi kutenthedwa, maofesi ena a polisi anaonongedwa, ndipo Boma linaturutsa asilikali. Pofika March 2020 anthu pafupi-fupi 50 anali atafa, ambiri a iwo ophedwa ndi magulu a anthu. Ophedwawo anali ayani? Alendo osocera njira, anthu odwala mutu oyenda-yenda usiku, apaulendo amene anaima kufunsa njira pa malo pamene sadziwika. Mantha a mankhwala aja anatha, koma ana amasiye a anthu amenewo alipo mpaka lero.

Pa nkhani zitatuzi cinthu cimodzi sicisintha. Gulu silifunsa dzina. Limenya amene wapezeka pafupi, amene sadziwika, amene alibe womlankhulira.

BOMA NALONSO LIYANKHE

Tisamveke ngati tinena kuti colakwa conse ciri ndi anthu a m'komboni. Iai ndithu. Kusakhulupirira polisi kuli ndi mizu yace. M'masiku a ulamuliro wa Azungu, mpolisi anali kubwera m'komboni kudzafunsa citupa, msonkho ndi pasi ya usiku, ndi kudzataya mowa wa amai athu. Makolo athu anaphunzira kutseka pakamwa akaona yunifomu, ndipo anaphunzitsa ana ao comweco. Kuyambira pa 24 October 1964 yunifomu imeneyo ndi yathu, ilipiridwa ndi msonkho wathu, ndipo obvala ndi ana athu. Koma cikhulupiriro sicibwera ndi mbendera yokha. Cimangidwa ndi nchito.

Munthu akapita ku polisi usiku namva kuti kulibe galimoto, kapena kuti agule mafuta ndiye, Boma lamphunzitsa kuti adzionere yekha. Munthu akakhala pa rimandi miyezi yambiri osaweruzidwa, m'ndende zodzaza koposa muyeso wace, Boma laswa lonjezo lomwe lija la ndime 18. Ndipo sitiiwala kuti pa zipolowe za February 2020 mwana wa sukulu ku Chazanga anafa ndi cipolopolo ca apolisi. Lamulo limene tipempha anthu kulemekeza liyenera kumanganso wobvala yunifomu.

Cotero tipempha zinthu zinai. Coyamba, polisi ya m'komboni ikhale ndi galimoto yoyenda ndi mafuta ace, pakuti kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mu mzinda wa Lusaka wokha, ndipo ambiri a iwo akhala m'makomboni. Caciwiri, pa khomo la polisi iri yonse palembedwe ndi zilembo zazikuru, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za dera limenelo, kuti bondi ndi yaulere, ndi kumene munthu angakadandaule. Cacitatu, mpolisi akaturutsa munthu pa bondi, auze mwini katundu tsiku la mlandu ndi khoti lace, kuti asadzadzidzimuke pomuona pa msewu. Cacinai, lamulo likasintha, monga linasinthira mu 2022, lifotokozedwe pa wailesi m'zinenero zathu, m'misika ndi m'machalichi, mobwereza-bwereza. Malamulo athu alembedwa m'Cingerezi ca maloya. Boma likakhala cete, wofotokozera anthu lamulo akhala uja wakhala pa bawa kuyambira masana.

NANGA IFE TICITE CIANI?

Mukagwira munthu, mmangeni manja ngati kuli kofunika, ndipo amuna awiri kapena atatu odziwika aime momzungulira kuti asamenyedwe. Imbani 991, kapena mpititseni ku polisi imene iri pafupi. Musamfunse mafunso ndi ndodo, pakuti munthu womenyedwa abvomera ciri conse, ndipo khoti silandira mau oturutsidwa ndi cikwapu.

Katundu amene wapezeka naye apite ku polisi pamodzi ndi iye. Amene anaona ndi maso apite akalembetse mau ao tsiku lomwelo. Funsani dzina la mpolisi wofufuza mlandu ndi nambala ya mlanduwo, muzilembe pa pepala.

Tsiku la khoti likafika, mboni isapite yokha. Monga tisonkhera pa maliro ndi pa cilimba, tiyeni tisonkhe ndarama ya basi ndi ya cakudya ca mnzathu amene wataya tsiku la nchito cifukwa ca ife tonse. Mutu umodzi susenza denga. Kawalala aopseza mboni imodzi, koma saopseza msewu wonse. A mabungwe a anchito nawonso akambe ndi mabwana kuti munthu woitanidwa ndi khoti asadulidwe malipiro.

Mpolisi akapempha ndarama ya bondi, funsani mwaulemu kuonana ndi mkuru wa pa polisipo. Zikakanika, pali bungwe la Police Public Complaints Commission, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 kuti limve madandaulo a anthu pa apolisi. Palinso Anti-Corruption Commission ya nkhani za ziphuphu, ndi Human Rights Commission ya munthu wosungidwa m'citokosi popanda cifukwa. Wosauka wopanda loya apite ku Legal Aid Board. Mabungwe amenewa ayenda ndi msonkho wanu. Agwiritseni nchito.

Ofuna kulonda usiku alonde mogwirizana ndi polisi ya m'dera lao, maina ao adziwike, ndipo woledzera asalowemo. Ndipo uthenga woopsa ukafika pa foni, wopanda dzina la munthu amene anaona, wopanda malo ndi tsiku, musautumize kwa ena. Funsani wotumizayo kuti, "Kodi munaona ndinu?" Mudzadabwa kuti nthawi zambiri yankho ndi lakuti, "Ndangomva."

AMENE AYENDA USIKU NDIFE

Pomariza, abale, ganizani za ici. Kodi ndani ayenda m'tinjira ta m'komboni pa 4 koloko m'mamawa? Si bwana wa ku Kabulonga. Iye ali m'galimoto, kuseri kwa mpanda wa magetsi. Woyenda usiku ndi mlonda wocokera ku nchito, wophika buledi, namwino wa usiku, kondakitala wa basi, mnyamata wa pa mgodi woweruka pa shifiti, mai wolawirira ku Soweto Market kukagula ndiwo zogulitsa. Woyenda usiku ndi mlamu wanu wocokera ku Chipata kapena ku Petauke, amene basi yamtula mocedwa, ali ndi cikwama pa mutu, alikugogoda pa zitseko zolakwika kufuna nyumba yanu. M'komboni mwanu mudziwika. Mukaoloka msewu kulowa m'komboni ina, ndinu mlendo wokaikitsa. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Lamulo siliri ku mbali ya kawalala. Liri ku mbali ya munthu ali yense amene tsiku lina adzanamiziridwa, ndipo munthu ameneyo kawiri-kawiri ndi wosauka. Pamene lamulo liyenda mocedwa, tilikankhe ndi umboni, ndi madandaulo, ndi voti yathu. Pamene mpolisi walakwa, timnene ndi dzina lace kwa oyenera. Koma tisalande nchito ya jaji ndi manja odzaza miyala.

Tsono usiku wina mfuu uja ukadzamvekanso, ndipo mai wacikulire uja akadzanena kuti, "Mlekeni, mpititseni ku polisi," asadzakhale yekha. Kaimeni pambali pace, inu ndi mnansi wanu. Ndipo m'mawa mwace, pofunika anthu okalembetsa mau ku polisi, dzina lanu likhale loyamba.